Ndinagulitsa mthunzi wanu, Amayi

Amayi anga,

Kodi mukudzuka bwanji kumene muliko? Ndafunsa dala, chifukwa ndikudziwa kuti masiku ano dzuwa likukuombani, ndipo wachititsa zimenezo ndi ine, Esinati wanu. Koma ndiyambe ndi zina, poti munkanena kuti mlendo wobwera ndi uthenga woipa amayamba wamwa kaye madzi.

Mpongozi wanu, mkazi wa achimwene a Lufeyo, anachira bwinobwino nthawi yozizira ija, mwana wamkazi. Tinamutcha Agnesi, dzina lanu. Mphuno ndi yanu, ndipo akayamba kukalipa safuna kuyankhidwa, ndiye palibe angakane kuti ndi wathu. Denga la khitchini linagwa. Mbuzi ziwiri munasiya zija tinagulitsa. Chimanga chinapserera chisanamasule, chaka chachiwiri chino. Kuno ku Utale anthu akuwiritsa mango aawisi, ena akupita ku Shire kukakumba nyika m'madzi, ng'ona zikuwayang'ana. Madeya amene munkamwazira nkhuku, lero timawaimira pamzere kuchigayo.

Patapita miyezi ingapo mutatisiya, kunabwera anthu a bungwe lina pa galimoto yoyera. Anatisonkhanitsa pabwalo la sukulu n'kutiuza kuti kutsidya la nyanja kuli kampani yopanga chokoleti. Inu simunachilawepo: ndi kanthu kakuda, kotsekemera, kokulunga m'pepala lonyezimira. Akuti ntchito yawoyo imatulutsa utsi umene ukutenthetsa dziko ndi kupirikitsa mvula. Utsiwo amauyeza ngati chimanga pasikelo, wa m'makina, wa malole, wa sitima zapamadzi, ngakhale mpweya wa ng'ombe zowapatsa mkaka. Utsi wina anauchepetsa poika magetsi a dzuwa, koma wotsalawo akufuna mitengo yathu iumwe. Ndinaseka, Amayi. Utsi wa ku Ulaya kudzamwedwa ndi tsanya wa ku Utale! Mukanakhalapo mukanawafunsa ngati kwawoko mitengo inatha.

Anagawa chokoleticho kuti tilawe. Chinali chitasungunuka kale ndi kutentha, ndipo mdzukulu wanu Chisomo, mwana wanga uja, ananyambita pepalalo mpaka linang'ambika.

Tonse tinalembetsa mayina. Anatipatsa mbaula zosatha nkhuni, kenako anayenda munda ndi munda, kuzunguliza tepi pa mtengo uliwonse ndi kukhomerapo kachitsulo ka nambala. Mitengo ya tsanya ija munkaiteteza kumalire a munda wathu, imene munkati ndi nkhokwe ya tsiku loipa, yonse ili ndi nambala tsopano. Pangano lake ndi lakuti akadzabweranso chaka chamawa n'kupeza mitengo yakula, mudzi wonse udzalandira kangachepe. Akadzapeza chitsa ngakhale chimodzi, mudzi wonse udzafufutidwa m'kaundula wawo. Sindikuwanenera zoipa anthuwo, anali aulemu ndipo sanatibise kanthu. Kungoti mimba sidziwa za chaka chamawa. Chiyambire tsiku limenelo, munthu akangotuluka ndi nkhwangwa, maso a mudzi wonse amamuperekeza.

Malo amodzi okha sanayezeko ndi kumanda. Anafunitsitsa, poti mitengo ikuluikulu yatsala kumeneko, koma adzukulu okumba manda anakanitsitsa. Anati kumanda salowako popanda maliro, ndiponso palibe angakhome msomali pamutu pa anthu ogona. Alendowo anapinda tepi yawo n'kubwerera. Ndiye mitengo ya kwanuko ilibe nambala.

Chisomo anayamba kutupa mapazi mwezi wathawu. Tsitsi linafiira n'kuyamba kusosoka, ndipo mwana wolongolola uja anangoti zii, kumangokhala pamene wamukhazikapo. Kuchipatala anatipatsa chiponde cha iye yekha, koma ndikanatani, azichimwene ake awiri akuyang'ana dzanja langa? Ndinagawa patatu, ndipo chinatha msanga. Mbaula yatsopano ija ili pakhonde, yoyera ngati yogula lero, poti chophikapo palibe. Ndinapita kumunda ndi nkhwangwa, ndinaima pansi pa tsanya wanu wamkulu, ndinagwira kachitsulo kaja. Ndinaganiza za ana a anthu ena amene akudikira chaka chamawa, ndipo ndinabwerera chimanjamanja. Nkhokwe munatisiyira ija ndinaiona ndi maso, koma chitseko chake ndinali nditatseka ndekha.

Lamulungu lotsatira, anthu ali kutchalitchi, ine ndi achimwene tinalowa kumanda. Mukudziwa tsanya uja ali kumutu kwanu. Tinachita kupempha adzukulu kuti akugonekeni pamenepo, chifukwa mutu unkakupwetekani mukakhalitsa padzuwa. Ndinagwada n'kukuuzani zonse. Mtengowo tinaugwetsera kumbali kuti usaphwanye mtanda wanu. Utagwa, kuwala kunadzaza pamtumbira ponse, ndipo ndinalira ngati tsiku lija tinakuikani. Makala tinaotchera kukhwawa. Achimwene anapalasa matumbawo panjinga mpaka ku Liwonde, n'kubwerako ndi chimanga, kasoya pang'ono ndi mchere. Chisomo akumwa phala katatu patsiku. Mapazi aphwerako, koma kuseka sanayambe.

Utsi subisika, Amayi, ngakhale wathu wosayezedwawu. Anthu anauona, adzukulu anakapeza chitsa. Agamula kuti sadzagwira khasu pamaliro a pabanja pathu mpaka titapepesa ndi mbuzi. Mbuzi ndiitenga kuti? Ndiye Chisomo ndimamuuza ndikamamumwetsa phala kuti ameze ndithu, chifukwa kwa agogo ake kulibe malo ake, palibe womukumbira. Kumjigo azimayi ena sandipatsanso moni, mitsuko amasendeza ndikafika. Koma Lachiwiri ndinamva nkhwangwa ikulira chakumandako, ndipo sinali yathu. Imeneyo inandiwawa kuposa kusalidwa, poti njira ndinailambula ndine.

Ndimakumbukira njala ija ya ndili mwana. Munkatigawira zonse, inu n'kumati mwadyera kale kwa anzanu, ife n'kumakhulupirira. Ndinazindikira nditakula kuti kwa anzanuwo kunalibenso kanthu. Munkakonda kunena kuti mayi sameza mwana akuyang'ana. N'chifukwa chake mtima wina umandiuza kuti mukanatha kulankhula mukanandipatsa nkhwangwayo nokha. Koma mtima winawo umati iyayi, Esinati, sunapatsidwe, unalanda kwa munthu amene sangakane. Mitima iwiriyi imakangana tsiku lonse, ndipo sindikudziwa kuti wolondola ndi uti. Ndili ndi manyazi, Amayi, koma bodza sindikunamizani: zitabwereranso, ndingadulenso.

Ndili ndi kambande ka msangu m'chubu, kochokera kunazale ya alendo omwewo. Ndakaika kuseri kwa nyumba, ndipo ndimakathirira ndi madzi otsukira kapu ya Chisomo. Adzukulu akadzandilola kulowa, mvula yoyamba ikadzagwa, ndidzakadzala kumutu kwanu ndi manja angawa, ndipo sikadzakhomedwa nambala ya munthu aliyense. Ndikulonjeza zimenezo. Ndikudziwa kuti padzapita zaka kasanakuphimbeni.

Mpaka nthawi imeneyo, pirirani dzuwalo, Amayi. Mthunzi wanu mdzukulu wanu akumwa.

Ndine mwana wanu amene sanaleke kukukondani,
Esinati