Pamene Tepi ya Bambo Inadukira

Laurel, Maryland

Okondedwa achimwene a Ludoviko,

Ndiyambe ndi kufunsa za moyo wanu ku Balaka kumeneko. Mwendo uja wasiya kutupa? Nanga amayi, chifuwa chija chinawasiya? Ife kuno tili bwino, kungoti kuzizira kwayamba msanga chaka chino. Ine mumandidziwa, ndavala kale majuzi awiri anzanga akadali m'malaya.

Alamu andiuza pa foni kuti mwapeza munthu wogula sipika ndi maiki zija munkamasulira nazo mafilimu. Akuti mukunena kuti masiku ano aliyense ali ndi kanema wake m'thumba, ndiye pakamwa panu palibenso ntchito. Musapereke kaye katunduyo. Werengani kalatayi mpaka kumapeto, kenako muchite zimene mtima wanu ukufuna.

Za mwana wanga Daisy mukuzidziwa. Chichewa amamva ndithu, ukamunena amakwiya, koma chiyambire sukulu amayankha m'Chingerezi basi, ndipo pano watalika kundiposa. Pa Khirisimasi amayi anadandaula kuti adzafa asanachezepo ndi mdzukulu wawo, chifukwa amangomva moni wa mawu awiri foni n'kubwerera kwa ine. Mawu amenewo sanandichoke mumtima. Ndakalipa, ndanyengerera, ndinayesaponso kukhala ngati sindimva Chingerezi. Mwanayo anangonditumizira uthenga pa foni, tili m'nyumba imodzi.

Loweruka masana a Katongo, mayi wa ku Zambia amene timagwira limodzi ntchito yosamalira okalamba, anatitenga kukaonera kanema ku Falls Church. Anati kwatuluka filimu yoseketsa ya akazitape, yopangidwa kuchokera ku sewero lakale limene ankaonera pa TV ku Lusaka ali mwana. Ine ndinangopita moperekeza, ndinkaganiza kuti ndikagonako.

Achimwene, malo ake! Chinsalu choonetserapo n'chachikulu ngati khoma la tchalitchi la ku parishi. Mpando ukadina batani umagona wokha. Mfuti ikalira umaimvera m'mimba, ndege ikadutsa umachita kuwerama. Pena helikopita inalowa kunsi kwa mlatho wa pa Potomac, mtsinje womwe tinali titangowoloka kumene pobwera. Ndinagwira mkono wa a Katongo, mbuliuli zanga zonse zili pansi. Anthu awa akafuna kunama amanama ndi mtima wonse.

Koma chimene chinandiumitsa si chimenecho. Panatulukira galimoto ya buledi, mkati muli amuna awiri. Wina wamtali, chipewa chake sichigwa ngakhale amenyedwe bwanji. Wina wamfupi, woopa agalu. A Chipewa ndi a Kafupi! Nkhope ndi zina, ndi anyamata atsopano, koma ndi iwo ndithu, anthu a pa tepi ija bambo anabwera nayo kuchokera ku Joni, imene munatsegulira vidiyo yanu kuseri kwa msika. Ine ndinakula ndikuyesa kuti ndi anthu a ku Balaka kokha, chifukwa mayina munawapatsa ndinu ndipo ankalankhulira pakamwa panu. Koma apa ndinamva holo yonse ikuwaombera m'manja.

Mukukumbukira pamene tepi ija inkadukira. A Kafupi atsekeredwa m'chipinda chozizira chosungiramo nyama, bomba latsala pang'ono kuphulika, chigalu chakuda chaima pakhomo. Kenako pankangotulukira mpikisano wa mahatchi umene bwana wa bambo anajambula pamwamba pake. Inu munkazimitsa TV, n'kugwira maiki, n'kumaliza nokha nkhaniyo. Anthu ankabwerera sabata ndi sabata kudzamva zimenezo.

Chipinda chimenecho achiikamo mufilimuyi. Nditaona nyama zopachika ndi galu uja, ndinati lero ndiona ndi maso zimene tinamanidwa zaka zonsezi. Mukudziwa chimene chinachitika? A Chipewa anangofika n'kukankha chitseko. Sichinali chokhoma n'komwe. Galu anatuluka, bomba analiponya mumtsinje, nkhani yathera pomwepo. Anthu anafa ndi phwete. A Katongo akuti ngakhale pa TV kale zinatha choncho.

Ine ndinangopezeka ndaimirira, ndikukuwa kuti ayi, si choncho! Daisy anamira mumpando ndi manyazi. A Katongo anandikoka juzi poopa kuti atithamangitsa, amvekere, "Nkala pansi iwe, bazatipisha muno!"

Pobwerera m'galimoto Daisy anandifunsa, m'Chingerezi chakecho, kuti chinandigwira n'chiyani. Ndinayamba kufotokoza m'Chingerezi chomwecho, koma zinakanika. A Kafupi anu m'Chingerezi saseketsa. Ndiye ndinangosiya, n'kuyamba kulankhula ngati inu, mawu okhuthala aja. Ndinafotokoza mmene a Kafupi anagwadira pa simenti yozizira, akunjenjemera, n'kuomba m'manja mwaulemu. Mmene anamutchulira galu uja kuti apongozi, n'kufunsa ngati adzuka bwino ndiponso ngati mvula yagwa kwawo. Mmene anapepesera kuti abwera chimanjamanja, kenako n'kutsitsa mwendo wa mbuzi pa ngowe, n'kuupereka ndi manja awiri, n'kunena kuti abwera kudzafunsira mbeta. A Katongo anachita kukhotera pamalo omwetsera mafuta chifukwa misozi inawatseka m'maso.

Pamenepo ndinalekeza, chifukwa zimene ndinkakumbukira zinathera pomwepo.

Ndiye kumpando wa kumbuyo kunachokera mawu: "Ndiye galuyo anati chani?"

M'Chichewa, achimwene. Chopindika, cholemera lilime, koma Chichewa. Sindinacheuke. Ndinachita ngati mmene umachitira nkhuku ikamalowa yokha m'khola, sugwedezeka kuopa kuibweza. Ndinamuyankha kuti sindikudziwa, chifukwa pofika pamenepo ine ndinkakhala ndili pansi ndi kuseka, komanso amalume ake ankasintha yankho la galu nthawi iliyonse. Wodziwa ndi iwo okha. Daisy anati, "Afunseni."

Ndinalira, sindikubisirani. A Katongo anayatsa wailesi kuti mwana asamve.

Tsiku limenelo ndinazizwa kawiri. Koyamba ndi anthu a kuno, amene ali ndi ndege zenizeni, magalimoto oti angowaphwanya, ndi zisudzo zoti ine sindingazimvetse mpaka kufa. Kachiwiri ndinazizwa ndi inu. Ndi zonse ali nazozo, pa chipinda cha nyama chija munawaposa, muli ndi maiki ya waya womanga ndi selotepi, pa mabenchi a mitengo ya bulugama. Ndili mwana ndinkangoti achimwene ndi oseketsa. Sindinkadziwa kuti tinkakhala ndi munthu wotere m'nyumba.

Pempho langa ndi limodzi. Lumikizani maiki ija kamodzinso, alamu akujambuleni pa foni, mumuuze Daisy zimene galu anayankha. Mulankhule ngati kale, ndi kutsokomola kwanu kuja koyambira. Musafewetse Chichewa chifukwa choti ndi mwana wa kuno. Chimene sangamve adzandifunsa ine, ndipo n'zimene ndikufuna.

Komanso musamalize nkhani yonse. Muidule pabwino penipeni, ngati mmene inkachitira tepi ya bambo, kuti achite kuimba yekha foni kufuna zotsalazo. Tsiku limene adzaimbelo, amayi akhale pafupi nanu.

Mundiperekere moni kwa amayi, muwauze kuti mafuta opaka m'mawondo aja ndipatsira munthu amene akubwera kumudzi mwezi wamawa. Moni kwa alamu ndi ana onse, kwa azakhali a ku Ulongwe, ndi kwa achemwali a Modesta, amene anakomokapo ndi kuseka pa benchi yakutsogolo. A Katongo akuti ndikupatseni moni, ndipo nawonso akufuna kumva za galuyo.

Lero m'mawa, akumanga nsapato kuti azipita kusukulu, Daisy wafunsanso ngati amalume ayankha. Wafunsa m'Chingerezi. Chonde fulumirani.

Ndine mlongo wanu wokusowani,
Mtisunge