Swichi Yaikulu ndi Tizilombo ta Mwana wa a Telala

Msonkhano wa komiti ya alendi a m'nyumba yosanja
Tsiku: Loweruka, pa 9 Meyi
Malo: chipinda cha misonkhano, pansi pa masitepe
Analipo: a Telala (wapampando), a Mlonda, Mayi a Mapasa, a Ometa, mlembi
Woitanidwa: mwana wamkazi wa a Telala, wophunzira ku yunivesite
Sanabwere: a Dalaivala, mwa nthawi zonse

1. Kutsegula
Wapampando anatsegula msonkhano 3 koloko masana. Anapepesa kuti tiyi palibe, poti soketi yokhayo ya m'chipindamo yatengedwa ndi kompyuta ya mwana wawo. Mawu akuti “mwana wanga wa ku yunivesite” anawabwereza mopitirira muyezo.

2. Dandaulo la wophunzira
Wophunzirayo anati kompyuta yake batire inafa, koma iyenera kuwerengera za tizilombo toyambitsa matenda kwa masiku angapo osazima. Kwawo soketi ndi ya makina osokera. Kawiri konse a Mlonda azimitsa swichi yaikulu potseka chipinda, ntchito n'kuyambiranso pachiyambi. Akapanda kupereka zotsatira Lolemba, abwereza chaka.

A Mlonda anati lamulo lozimitsa swichi linapangidwa ndi komiti yomweyi. Anati alekerera kuyambira Lachitatu chifukwa cha misozi ya mwanayo, koma lero azimitsa. “Ine sindilondera tizilombo, ndimalondera nyumba.”

Mayi a Mapasa anasuntha mpando n'kufunsa ngati tizilomboto sitingatuluke. Wophunzirayo anati m'kompyutamo mulibe chamoyo. Anangomangamo chifaniziro cha bakiteriya woyambitsa matenda, ndi njira zonse zimene shuga amadutsa m'thupi mwake. Kompyuta ikutseka njirazo imodziimodzi kuti ipeze imene kachilomboko sikangakhale moyo popanda iyo, kuti opanga mankhwala adziwe pomenya.

A Ometa anati ndi mmene anathamangitsira mlamu wawo: anatseka khitchini, kenako bafa. Komiti inaseka nthawi yaitali. A Mlonda anafunsa ngati kachilomboko kamapeza njira ina ukatseka imodzi. Atauzidwa kuti inde, anawomba m'manja: “Ndiye ndi wakuba ameneyo! Bwanji osanena kale, mwanawe?”

Mlembi, amene anaphunzirako zimenezi asanachoke ku yunivesite pa zifukwa zosakhudza komiti ino, anafunsa ngati chifanizirocho chayesedwanso popanda mpweya. Wophunzirayo anayankha molondola. Mlembi akulemba izi mosakakamizidwa.

3. Chigamulo
Anagwirizana kuti swichi isazime mpaka Lolemba. Wapampando anauzidwa kuti asavote, koma anakweza manja onse awiri. Mlembi anavomera pomalizira, ponena kuti nyumba ino ili kale ndi munthu mmodzi wosamaliza maphunziro, ndipo mmodziyo akukwana. Mayi a Mapasa anayimba nthungululu, zomwe sizinali pa ndondomeko.

4. Zina ndi zina
Wapampando akuthokoza, a Ometa anawerama ndi tchaja cha foni m'manja, kulunjika pa soketi. Komiti yonse inakuwa. A Mlonda anawagwira mkono n'kuwabweza pampando. “Achimwene, mwanayu akusaka wakuba. Foni yanu ikadyere kwanu.” Kenako anasamutsira mpando wawo pafupi ndi soketi, ndipo anati makiyi a chipindacho sachoka m'thumba mwawo mpaka Lolemba.

5. Kutseka
Msonkhano wotsatira udzakhala pa 13 Juni. Wapampando anatseka 4:20 madzulo, kompyuta ikadayaka.

Wapampando: ____________
Mlembi: ____________