Mfundo ya Paliwombo

Lolemba, 3 Juni

Katsabola wanga amusankha. Pagulu lochemerera timu ya sukulu, iyeyo ndiye aziponyedwa m'mwamba, anzake n'kumamuwakha. Mpikisano pa 22. Wabwera akuuluka, nsapato m'manja. Ine mtima phaa. Mwana mmodzi yekhayu, m'mwamba?

Akochi akuti tsitsi limangidwe, lisagwere kumaso, mikanda ndi mapini ayi. Kundiuza ine za tsitsi! Ndinayamba kuluka iwo asanamere mano.

Lachitatu, 5 Juni

Ndamuluka. Mizere yokwera kuchokera kuchipumi ndi kunkhongo, meshi mapaketi awiri, zonse kukakumana paliwombo, mfundo yaikulu, riboni pamwamba. Ndakoka ndithu kuti ngakhale atembenuke bwanji lisamasuke. Sanalire. Sanadandaule n'komwe, amangofinya chipeso m'manja.

Musaluni aliyense maso pa iye. Mayi wa pafamase wajambula. Mwezi uno makasitomala ndi a apo ndi apo, mwina mutu umenewu undiitanira anthu.

Loweruka, 8 Juni

Wagwa pokonzekera. Bondo lasupuka, chigongono chatupa. Ndamufunsa, akuti anangoterereka. Chakudya wangotola pang'ono, n'kukagona chafufumimba, nkhope mupilo.

Bambo ake: "Masewera othyola khosiwa asiye." Ndawayankha mokalipa, koma nanenso ndikuganiza zomwezo.

Draya yayambanso kununkha ngati waya wopsa.

Lachiwiri, 11 Juni

Akochi anadutsa pasaluni. Sanakhale pansi. Akuti mwana walowa mantha. Akamatera amatsinzina, akamagubuduka amapotoza khosi, ndiye amagwera kumbali. Dzulo wagwetsa ndi mnzake womuwakha. Akapanda kusintha pofika Lachisanu, pamwamba paikidwa wina.

Mantha? Katsabola? Mwana amene ankakwera pageti asanadziwe kuvala nsapato?

Ndamuuza. Iye misozi mbwee. Ndamukalipira kuti alimbe mtima. Kenako ndapsereza kasitomala khutu. 

Lachinayi, 13 Juni

Ndatseka saluni masana, ndapita kukaonera ndekha. Ndinaima kuseri kwa mabenchi kuti asandione.

Amuponya. Kukwera bwinobwino, mwana wowongoka ngati nsungwi. Potera, chimfundo chija chagwedezeka ndi kulemera kwake konse, nkhope yake yakwinyika. Pogubuduka pamatiresi, mutu uyenera kugunda paliwombo, pomwe pali mfundo. Iye akuuthawitsa. Akadzuka, dzanja kumutu, n'kulibweza msanga akochi asanaone.

Ndinachoka asanandione.

Kunyumba ndamukhazika pawindo, ndayang'ana m'mizere. Tiziphuphu mbali yonse ya chipumi, tina tamafinya. Kunkhongo khungu lofiira. Sabata yathunthu mwana akugona chafufumimba, ine ndikumuyesa waulesi.

Ndamufunsa chifukwa chake sananene. Akuti, "Mumasangalala anthu akamandijambula, amayi."

Ndinalowa kubafa, ndinatsegula mpopi kuti asandimve.

Lachisanu, 14 Juni

Tamasula m'mawa, sanapite m'kalasi. Pang'onopang'ono, ndi mafuta. Tsitsi lakutsogolo likutsalira m'chipeso. Ndimabisa m'thumba la epuloni, iye akuona pagalasi.

Kulukanso sizingatheke, khungu silingalole ngakhale mizere iwiri yomasuka. Kulisiya lomasula, akochi sangalole. Ndinayesa kampango, kakuvuka akangowerama. Ndinayesa kumanga ndi labala, anakuwa.

Ndiye iye: "Ingometani."

Tsitsi lofika m'mapewa. Ndalisamala kuyambira ali kumsana, Lamlungu lililonse, mafuta abwino ndimagulira iye, ine n'kumadzola otsala. Ndinati tidikire, chaka chamawa kulinso mpikisano. Anandiyang'ana ngati mlendo.

Ndinakabwereka mashini kwa wometa wa khomo loyandikana. Anafuna kumumeta yekha, ndinakana. Mutu ndinauwononga ndine.

Wapita kokayesedwa atavala chipewa cha bambo ake. Ndikulemba ndili pasaluni, palibe kasitomala, ndasesa kawiri. Bwanji akakagwanso? Ndiye kuti tsitsi lapita, malo apitanso. Nanga anzake akamuseka? Ana a sukulu pakamwa pawo sipadutsa ntchentche yamoyo.

Sanabwerebe.

Loweruka, 22 Juni

Holo yodzaza, ng'oma, mawisilo. Bambo ake, aja ankati asiye, anafika oyamba n'kukhala kutsogolo.

Atsikana onse tsitsi lomangidwa kumbuyo, maponitelo ndi mariboni. Pakati pawo kamutu kamodzi kambee, tizipsera tikuoneka ukayandikira. Atamunyamula ndinagwira mkono wa munthu wosamudziwa. Anakwera, anatembenuka, anatera maso ali otsegula. Katsabola akuseka! Sindikudziwa kuti timu yathera pa nambala chani, sindinamve.

Mayi amene ndinamugwira mkono uja anandikodola. "Kamwana kampalako n'kolimba mtima. Koma mayi ake ndi otani, osakaluka ngakhale timizere?"

Khadi la saluni linali m'chikwama. Sindinalitulutse.

Ndinati, "Ndi wanga. Ndinamumeta ndine."