Timizere Tiwiri ta Chipewa

Wokondedwa mlongo wanga,

Ndikhulupirira kalatayi ikupeza uli bwino pamodzi ndi mlamu wanga ndi ana. Kamtsikana kaja kanachira chifuwa? Nanga iweyo shuga wako akukusunga bwanji? Kuno tilipo. Ababa alipo, ine ndilipo, ndipo Chipewa naye alipo, ngakhale kuti iweyo unangotsala pang'ono kutiphera.

Inde, ndatero kumene. Ndalemba kalata dala, chifukwa ndikanaimba foni ukanandidula pakamwa monga mwa chizolowezi chako n'kuyamba kundiphunzitsa. Pepala sungalidule pakamwa. Khala pansi uwerenge mpaka kumapeto.

Ukudziwa kuti Chipewa ndi mphaka wa malemu amayi. Ndi iwo anamutola pansi pa masitepe ali kamwana, n'kumutcha dzinalo chifukwa cha banga lakuda lija la pamutu. Chimene sukudziwa, poti unanyamuka maliro atangotha, ndi mmene Ababa analili miyezi yotsatirayo. Ankangokhala pampando wa pawindo uja, ndevu osameta, malaya omwewo dzulo ndi lero. Tiyi amene ndinkawasiyira m'mawa ndinkamupeza madzulo atachita kakhungu pamwamba. Ndikawalankhula ankangoyankha ndi mutu.

Kenako Chipewa anadwala. Anayamba kumwa madzi ngati ng'ombe, kukodza paliponse, msana kuoneka mafupa. Adokotala a ziweto atamuyeza anati ndi matenda a shuga. Anati tisiye kumupatsa timabisiketi touma tija, azidya za m'chitini, ndipo azibayidwa insulini m'mawa ndi madzulo akangodya, timizere tiwiri pa jakisoni.

Ine kophika buledi ndimalowa kusanache, ukudziwa. Wamadzulo ndikanatha, koma wam'mawa nanga? Ndili mkati modandaula, Ababa anayankhula kuchokera pampando paja, ati wam'mawayo tiwasiyire iwo. Ndinangoti kukamwa yasa.

Mlongo wanga, ukanawaona! Anatchera wotchi yakale ya amayi ija kuti izilira m'mawa. Ikalira amadzuka, kusamba, kumeta ndevu, ati dokotala sagwira wodwala ali ndi nkhope yonyansa. Kenako amatsegula chitini, kudikira mphaka adye, kutulutsa kabotolo m'firiji, kuvala magalasi, kukweza jakisoni kuwindo kuti aone bwino timizere. Amamutsina kachikopa ka pakhosi n'kumubaya uku akumuuza nkhani za m'nyuzipepala. Chipewayo osatekeseka n'komwe. Ine ndikamubaya madzulo amandiyang'ana ngati ndamubera.

Ababa anayambanso kutsika masitepe, kupita okha kukagula zitini, kukangana ndi wogulitsa kuti zina zili ndi msuzi wambiri. Anayambanso kudya. Mphaka uja anatidzutsira bambo athu, iwe uli kutali uko.

Tsono patapita miyezi, Chipewa ananona bwino, ludzu lija linatha. Madzulo ndisanamubaye ndimamuboola pang'ono kunsonga kwa khutu, kadontho ka magazi n'kuyeza pa kamakina. Manambala anayamba kutsika. Nditapita naye, adokotala anasangalala. Anati amphaka sali ngati anthu. Ati kapamba wa mphaka akapumula, zakudya zikasintha, nthawi zina amadzukanso n'kuyamba kupanga yekha insulini. Ati matendawo sathera pomwepo, amangogona, koma akagona mphaka amatha kukhala osabayidwa. Anandichenjezanso mobwereza kuti nthawi yoopsa ndi imeneyi, chifukwa thupi likamapanga yake ife n'kumawonjezera yathu, shuga amagwa mpaka kupha. Ndiye anati titsike pa kamzere kamodzi.

Ndinawafotokozera Ababa zonsezi tili kukhitchini. Anangoti chabwino.

Koma manambala anapitirira kugwa. Madzulo ena ndinkapeza shuga ali pansi kwambiri moti sindinkamubaya n'komwe. Adokotala anati titsikenso pa theka la kamzere. Ndinawauzanso Ababa, anatinso chabwino. Komabe Chipewa ankangogona masana onse, ndikabwera ndimamupeza wofooka, wanjala ngati sanadye chaka. Adokotala ankakanda mutu. Ine ndinayamba kudzikayikira, mwina ndimayeza molakwika, mwina kamakina kafa. Ndinagula kena. Ndinkakanda ufa kuntchito mtima uli m'mwamba, mpaka tsiku lina ndinapsereza mabanzi thireyi yathunthu.

Loweruka lapitali uvuni wathu wa kuntchito unawonongeka, anatibweza dzuwa lisanafike pamutu. Ndi Mulungu yekha amene anawononga uvuni umenewo. Ndikutsegula chitseko, ndinamuona Chipewa akudzandira pakhonde la m'nyumba ngati woledzera. Anagunda mwendo wa tebulo, anagwa, maso ali tong'o koma osandiona. Kenako anayamba kuphupha, dovu likutuluka.

Ababa anali ataima pakhomo la khitchini, manja ali m'mutu, osatha kusuntha. Ndinathamangira botolo la uchi, monga adokotala anandiphunzitsira, n'kumupaka m'nkhama ndi chala. Anandiluma, sindinamve n'komwe. Ndinamukulunga m'thawulo n'kutsika masitepe ndilibe nsapato, Ababa akutsatira pambuyo atanyamula nsapato zangazo. Woyendetsa takisi anayang'ana thawulo lija n'kufunsa ngati ndi khanda. Ndinamuuza kuti inde, ayendetse.

Kuchipatala anamuika diripi kamwendo kakutsogolo. Adokotala atatuluka anafunsa kuti m'mawa umenewo wabayidwa wochuluka bwanji. Ine ndinayankha msanga kuti theka. Ababa anayang'ana pansi. Kenako ndi mawu aang'ono anati timizere tiwiri. Ati masiku onsewa m'mawa akhala akumubaya tiwiri.

Ndinawafunsa chifukwa chake, ndipo ndi pamene dzina lako linatuluka.

Akuti anakuimbira tsiku lomwe ndinawauza zotsitsa lija. Akuti iwe unaseka. Ati unawauza kuti insulini sachepetsa, ukayamba wayamba mpaka kumanda, iweyo wadzibaya zaka zonsezi ukudziwa bwino. Ati madokotala a ziweto amangolota. Ati asamamvere ine, ntchito yanga ndi kuphika buledi.

Asa! Iwe, kodi ndiwe mphaka? Unamera ndevu za m'mbali liti? Chifukwa choti uli ndi shuga ndiye wasanduka dokotala wa chamoyo chilichonse? Mphaka ameneyu unamuona komaliza pamaliro, ndipo unamukankha ndi phazi pochoka pampando. Sunamunyamulepo, sunamuyezepo, sukudziwa ngakhale mtundu wa kabotolo kake. Koma uli pa sofa kwanu uko, rimoti kumanja, unapereka chigamulo. Amati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa, koma kalumo kakoko kanatitema.

Zoti ndimaphika buledi n'zoona, sindikuchita nazo manyazi. Buledi ameneyu ndi amene wandisunga pafupi ndi Ababa. Koma chandipweteka n'chakuti sunandiimbire. Ukanangoti mlongo, Ababa akuti mukutsitsa mankhwala, zili bwanji? Ndikanakufotokozera. Koma ayi, kuyambira tili ana iwe ndi uja wodziwa zonse, ndipo Ababa mawu a mwana wamwamuna amawameza osatafuna. Iwenso umadziwa zimenezo.

Usaganize kuti Ababa ndinawasiya. Ndinawakalipira pabenchi pomwepo kuchipatala kuja, anthu ndi agalu awo akutiyang'ana. Ndinawafunsa ngati sankaona kuti mphaka akufooka. Ndinawafunsa kuti ankandiyang'ana bwanji ndikugula kamakina kena, ndikulephera kugona tulo, iwo akudziwa. Ndinayankhula mawu ena amene sindingawalembe pano.

Nsapato zanga zinali zikadali pamiyendo pawo. Kenako anati ankaona. Ati ankaona ndithu kuti mphaka sali bwino, koma ankadziuza kuti mwana wawo wamwamuna wanena. Ati ngakhale pokuimbira paja sankafuna kudziwa zoona, ankafuna munthu woti awauze kuti apitirize. Ndinawafunsa kuti apitirize chifukwa chiyani, mphaka akuchira. Anandiyang'ana, maso ali ndi misozi, n'kundifunsa kuti Chipewa akachira, iwo azidzukiranji m'mawa.

Mlongo wanga, ndinangotenga nsapato zija n'kuvala.

Ndiye ukuona chimene unachita? Bambo ako anakuimbira ali ndi mantha, iwe unangomva za insulini. Sunafunse kuti Ababa, bwanji nkhani yabwino chonchi mukuinena ngati uthenga wa maliro? Ukanafunsa zimenezo ukanamva zimene ine ndinamva pabenchi paja, popanda mphaka kuphupha. Koma umaimba kamodzi mwezi ukatha, ndipo ukaimba umapereka malangizo n'kudula. Ndakupsera mtima, ndipo sindikubisa.

Chipewa anagona kuchipatala, tinakamutenga mawa lake. Akuyenda, akudya, akuona. Adokotala akuti anapulumukira pakamwa pa imfa, uvuni uja ukanapanda kuwonongeka tikanamupeza atauma. Aimitsa jakisoni yense. Akuti tizingomuyeza mwa apo ndi apo, zakudya zikhale zomwezo, ndipo ludzu lija likadzabwerera tidzathamangire komweko. Mpaka lero manambala ali bwino popanda kadontho ka insulini. Amene umati amangolota aja.

Kabotolo ndinakachotsa m'firiji, majakisoni ndinakabweza kuchipatala. Sindinawasiye m'nyumba, ndipo Ababa anaona ndikuwalongedza.

Dzulo sindinapite kuntchito, ndiye ndinaona ndi maso anga. Wotchi ya amayi inalira nthawi yake yomweyo. Ababa anadzuka, anasamba, anameta. Anatsegula chitini, mphaka anadya. Kenako anatsegula firiji, anaima pamenepo akuyang'ana pamene pankakhala kabotolo, anatseka. Anapita kukakhala pampando wa pawindo uja. Tiyi ndinamuchotsa masana asanamukhudze.

Ine sindingasiye ntchito kuti ndiziwalondera m'mawa. Ndawauza kuti kuyeza kukhutu kukhale kwawo, avomera, koma si za tsiku lililonse. Choncho tamvera, ndipo ulendo uno umvere ine wophika buledine.

Choyamba uwaimbire uwauze ndi pakamwa pako kuti unalakwitsa, kuti mphaka wachira ndipo asadzayerekeze kumubayanso. Kwa ine akuvomera, koma ndikuwadziwa, mawu ako akadali m'mutu mwawo.

Chachiwiri ndi ichi. Wotchi ija imalira nthawi imene iwe umakhala uli pa basi kupita kuntchito, foni ili m'manja ukuonera za mpira. Uziwaimbira nthawi imeneyo. Tsiku lililonse, osati ukakumbukira. Usawalangize kanthu, ndakugwira mwendo. Uwafunse zimene zili m'nyuzipepala, uwafunse ngati ameta, masiku ena uimbe usananyamuke, uwapatse ana awalankhule asanapite kusukulu. Mwezi wathunthu anamvera mawu ako mpaka kutsala pang'ono kupha chinthu chokhacho chimene amayi anawasiyira chamoyo. Ngati mawu ako ali ndi mphamvu chotero, agwiritse ntchito powadzutsa.

Ukapanda kutero, usadzandifunse kuti Ababa ali bwanji. Sindidzakuyankha.

Undiperekere moni kwa mlamu wanga, umuuze kuti mkwiyowu si wake. Ana uwapsompsone, uwauze kuti mphaka wa agogo wachira. Iwenso uzidya pa nthawi yake ndi kudzibaya bwino, pakuti wakoyo ndiye sachepetsa. Mulungu akusungeni nonse, ndipo iweyo akupatse makutu.

Wotchi ndaitchera kale. Mawa ilira.

Ndine mlongo wako,
Wophika buledi uja