Mpendero wa Pasti

Lolemba, 8 Meyi

Raelene waimba foni. Za bondo langa sanafunse. Akufuna thabwa lakale lokandirapo ufa, ati ojambula a ku Adelaide akubwera kudzajambula pasti zathu, timikate ta nyama topinda m'mphepete tija, kuti zithunzi zikhale pa mabokosi atsopano. Zathu! Chindichotsereni pa uvuni, ati manja ayamba kunjenjemera, m'shopumo sindinapondemo. Mwana wobereka ndekha, timangopatsana moni. Thabwalo ankakandirapo malemu mayi ake, Merle wanga. Ndamuuza kuti siliyenda popanda mwini wake.

Lachiwiri, 9 Meyi

Shopu sindinaizindikire. Mazenera aphimba ndi nsalu zakuda, nyale zili pa miyendo itatu, zina zavala maambulera. Wojambula ndi Lachlan, wamtali ngati mlongoti. Pali mayi wina, Desley, ntchito yake kukongoletsa chakudya basi. Kani pansi pano pali ntchito yotere.

Lero amangoyesa nyale. Desley wapaka pasti mafuta ndi kaburashi, anyezi akumusuntha ndi kopanira nsidze. Nthunzi nayo ndi yochita kupanga: thonje lonyowa, kulitenthetsa, kulibisa kuseri.

"Kuwala kuchokere kumbuyo, agogo," watero Lachlan. "Kwa kutsogolo kumapha chakudya."

Wasuntha nyale pang'ono pokha, nthunzi n'kudzuka ngati chamoyo. Pa kompyuta pasti yakula ngati galimoto, mpendero wake ngati mapiri dzuwa likutuluka. Ndavula chipewa osadziwa. Moyo wonse ndakhala ndikuphika chinthu chimenechi, koma ndachiona lero.

Lachitatu, 10 Meyi

Desley wasanthula mathireyi onse ngati akusankhira mwana wake mwamuna. Wapeza pasti imodzi yopanda banga. Amaitcha ngwazi. Waikonza m'mawa wonse, kenako onse atuluka kukamwa khofi.

Kwathu pasti ikazizira pa thabwa ndi ya wophika. Sitigulitsa, sititaya. Bambo anga ankatero, ine chimodzimodzi. Iyi inali pa thabwa langa, yozizira.

"Mayo ine! Agogo mwadya ngwazi!"

Desley wagwira kumutu. Ine ndikulavula kamtengo kotokosera m'mano komwe anachirikizira nyama. Lachlan watembenukira kukhoma, mapewa akugwedera. Raelene wangoti, "Adadi, ndithu?" Mawu omwe aja a tsiku lomwe anandichotsa pa uvuni.

Lachinayi, 11 Meyi

Sindinapite. Koma nthunzi ija sikuchoka m'maso.

Lachisanu, 12 Meyi

Raelene waimika galimoto pageti. "Kwerani. Munanena nokha kuti thabwa lili ndi mwini wake. Koma mwadya kale, eti?"

Ngwazi ina sinapezeke dzulo, ndiye Lachlan wati ajambule manja akupinda yatsopano. Raelene wawaza ufa pa thabwa. Ine andikhazika pafupi ndi kompyuta, kutali ndi chakudya.

Manja a Raelene atulukira pa kompyutapo, aakulu ngati zitseko. Chala chachikulu chamanzere chikukankha, chinzake chikupinda, kumapeto n'kupotokola kamchira n'kukabisa pansi. Ine ndinamuphunzitsa ndi dzanja lamanja, ndipo ndinkati akupinda mokhota dala, kunyoza njira yanga. Ayi. Wamanzere anali Merle. Kamchira kaja n'ka Merle. Zaka zonsezi ndinali pa uvuni, nkhope kumoto, awiriwo ali kumbuyo kwanga. Chithunzi chimodzi ndapempha kuti asachichotse msanga.

Kenako Lachlan wandipatsa chikatoni choyera. "Mubwezere kuwala pa mpenderopo, agogo. Osaluma chilichonse."

Ndagwira. Dzanja layamba zake zija, kuwala n'kumavina pa pasti. Ndimati andilanda tsopano. Raelene sanadzutse n'komwe mutu. Wangotambasula dzanja lake la ufa n'kundigwira pamkono.

"Pomwepo, adadi. Musasunthe."

Nyale zaphethira.

Ufawo udakali pa malaya. Ndawapachika pampando osawakutumula.