Eyakoni ya chigalimoto cha achimwene

Lolemba, 21 Okutobala

Achimwene a Gibson lero akumbukira kuti ali ndi galimoto. Chigalimoto chija anabwera nacho kuchokera ku Joni, cha bedi ndi kasinki m'kati, chomwe chatha zaka zitatu kuseri kwa nyumba chikusunga matumba a chimanga. Abambo akufunika kuchipatala ku Blantyre Lachisanu, ndipo msana wawo sukuwalolanso kukhala tsonga m'minibasi. Ayenera kupita chogona.

Injini yalira, koma eyakoni yoziziritsira m'kati ikungouzira fungo la mikodzo ya makoswe. Mawindo akumbuyo satseguka. Ndi dzuwa ili, wodwala angapsere momwemo asanafike pa Zalewa.

Ndati ndione. Achimwene akuti, "Iyi si firiji ya mafizesi, Malita." Zaka khumi ndi ziwiri ndikukonza mafiriji pa Nsipe pano, koma kwa iwo ndikadali mwana wotuma kumjigo.

Lachiwiri, 22 Okutobala

Abwera ndi katswiri wawo, a Duncan a kuboma, ovolosi yoyera mbee ngati akupita ku ukwati. Geji yoyezera gasi alibe. Angolumikiza silinda, kuthira gasi mongoyerekeza, kuika dzanja potulukira mphepo, basi: "Yatheka, bwana." Achimwene mano onse pamtunda.

Ndafunsa kuti nanga gasi wakale anatulukira pati. A Duncan akuti gasi amangotha yekha ngati petulo. Ndachoka ndisanalankhule zoti n'kudzapepesa.

Lachitatu, 23 Okutobala

Gasi yense wathawa. A Duncan nawonso foni yawo siikupezeka.

Lachinayi, 24 Okutobala

Achimwene kundipempha okha kwawakanika. Atuma akazi awo, alamu a Dailes: "Akuti mwina mungakasuzumireko." Mwina! Ndapitira abambo, osati iwo.

Ndathiramo kagasi pang'ono n'kupaka madzi a sopo m'mapaipi monse. Thovu latukuka pa paipi ya labala pafupi ndi kompuresa yopopa gasi. Makoswe anaiteketa pawiri. Munthu kusandutsa galimoto nkhokwe, kenako n'kumadabwa! Mankhusu okha ndatulutsa theka la ndowa, ndi chisa chimodzi.

Paipi ina ndakaipeza ku Balaka. Ndamanga, ndakoka mpweya wonse ndi pampu, ndadikira ola lathunthu, muvi wa geji osasuntha. Pamenepo m'pomwe ndathira gasi. Ikuzizira mpaka zala kuuma.

Nthawi yonseyi achimwene anaima pamthunzi, makiyi pachala, kuuza odutsa kuti "tikukonza". Ngakhale sipanala sanandipatsireko. Ndanyansidwa nawo, sindibisa.

Lachisanu, 25 Okutobala

Tawagoneka abambo pabedi paja, bulangete mpaka pachifuwa. Apepuka zoopsa, ndinawanyamula miyendo ndi mkono umodzi. Achimwene pachiwongolero, akudzitama kwa alamu kuti galimoto za ku Joni sizifa. Ine kumbuyo, khutu lili pa kompuresa. Inkagwira bwino, ndipo ndinanyada.

Titangodutsa pa Chingeni abambo anandikoka chitenje.

"Wakonza ndiwe eti?"

"Ndine, bambo."

"Ndinadziwa. Koma zimitsa, mwanawe. Kuzizira kotereku ndikakupeza komwe ndikupitako. Ndisiye ndimveko dzuwa."

Achimwene anasiya nkhani yawo pakati. Ndinadutsa pakati pa mipando, n'kuzimitsa ndekha, ndipo alamu anatsitsa galasi. Kunalowa mphepo yotentha, ya fumbi ndi utsi wa makala. Abambo ndinawachotsa bulangete, akutuluka thukuta, maso ali chitsegulire.