Anandigwira Vakabu Masana

Lolemba, 10 Juni

Sabata yachitatu. Mkazi wanga Marcia sakudziwabe kuti ku esiteti anatichotsa ntchito, akuti tiyi wachepa. Ndimadzuka 5 koloko, kuvala majombo, iye kundimangira chinangwa m'kapepala. Kenako ulendo wa pa Chitakale, kukakhala pakhonde la golosale ya a Mackson mpaka nthawi yowerukira. Maminibasi onse ndawaloweza manambala.

Lachitatu, 12 Juni

A Mackson lero: "Achimwene, mukudikira ndani tsiku ndi tsiku?" Ndati mlamu wanga wa ku Muloza. Mumtima ndadzifunsa: mlamu wake uti, Arsenio iwe?

Loweruka, 15 Juni

Ndikulemba ndili kunyumba.

Lachinayi njinga ya munthu inasowa pafupi ndi golosale ija. Apolisi atabwera, zala zonse kwa ine. "Uyu amangoti zungulizunguli pano." Wapolisi anandifunsa chimene ndimachita pamenepo. Ndinaopa kuulula zoona pagulu. Mayi wogulitsa nthochi anakuwa, "Vakabu ya masana!" anthu n'kuseka. Ndinakwera galimoto ya apolisi, wamakwaya mnzanga Bizwick akuona.

M'chitolokosi munabwera mayi wa bungwe lothandiza pa za malamulo. Anati kungoima pamalo si mlandu, lamulo la vakabu lija khoti linalikana kalekale. Koma akakukayikira pa zakuba angathe kukusunga masiku awiri, kenako belo kapena kukhoti. "Ingowauzani zoona, bambo." Ndinawauzadi. Kwa wapolisi wosamudziwa zinatuluka mosavuta.

Chimene sindinadziwe: Bizwick anali atathamangira kale kwathu. Marcia anati mwamuna wanga si woyendayenda, ndi wapantchito. Anayenda wapansi mpaka ku ofesi ya esiteti kukapempha kalata yondichitira umboni. Kalaliki anamuuza pamaso pa alonda kuti anandichotsa kale.

Anabwerabe kupolisi. Anasaina belo dzulo masana, osandiyang'ana. Njira yonse iye patsogolo, ine pambuyo ngati mbuzi yogulidwa. Pafupi ndi nyumba anangoti, "Ine ndinawalumbirira anthu aja, bambo a Claudia. Ndinatchula ndi Mulungu yemwe."

Bola akanandimenya. Manyazi andidya.

Lamulungu, 16 Juni

Njinga inapezeka ku Chonde, akuti nkhani yanga yatha. Kunyumba ayi. Madzi osamba Marcia anandiikira, mawu ayi.

Kutchalitchi ndinafuna kujomba, Marcia anangoima pakhomo ndi nsalu yake mpaka ndinavala. Titatuluka Misa, a Yosefe a mphakati wathu anabwera anthu ali gulu.

"Pepanitu a Arsenio, apolisiwa! Kugwira munthu wapantchito? Mawa mukawauze mabwana anu."

Marcia anali pambali panga, maso pansi. Ndinaona kuti sanditsutsa ndikavomera.

"Ndilibe mabwana, a Yosefe. Anandichotsa mwezi watha. Ndimangokhala pa Chitakale."

Marcia anandipatsa buku lake la nyimbo kuti ndimunyamulire, tinanyamuka.